Nkhunzi ya mbewu tikaigulitsire kuti: ku chionetsero, pa okushoni, pa foni kapena pakhola?

Mlamu wanga wa ku Chegutu, ku Zimbabwe, anandiimbira foni mwezi wa Epulo. Makolo ake anachoka ku Dedza kalekale kukagwira ntchito m'mafamu, iyeyo anabadwira komweko, ndipo lero ali ndi ng'ombe zazikazi 18 za mtundu wa Tuli, zonse zolembedwa m'kaundula. Chaka chino, koyamba, ali ndi nkhunzi zinayi zimene zakwana zaka ziwiri.

"Alamu," anatero, "inu mwakhalitsa pa ntchito ya ng'ombe kumeneko. Nkhunzi zangazi ndipite nazo ku chionetsero cha ku Harare, ndizilembetse pa okushoni, kapena ndingodikira ogula pakhomo?"

Ndinamuuza kuti adikire ndiganize, chifukwa funso lotere siliyankhidwa utaima. Ndagwira ntchito zaka 14 pafamu ina ya ng'ombe za Brahman m'chigawo cha Limpopo ku South Africa. Ndinayamba ndi fosholo ya ndowe, lero ndine kapitawo wa makola, ndipo njira zonsezi ndaziona chingwe cha ng'ombe chili m'manja mwanga.

Wogula akulipirira chiyani

Nkhunzi ikapita ku butchala, mtengo wake ndi makilogalamu ake basi. Ndalama yoonjezera imene munthu amapereka pa nkhunzi ya mbewu ndi ya mathole amene sanabadwe, ndipo mathole osabadwa sangaonedwe ndi maso. N'chifukwa chake pamakhala mapepala. Ku South Africa bungwe la SA Stud Book lakhala likusunga makaundula a ziweto kuyambira 1905, ku Zimbabwe kuli Zimbabwe Herd Book imene inakhazikitsidwa mu 1980. Thole likabadwa timalidinda nambala, timalemba tsiku, bambo wake, mayi wake ndi kulemera kwake. Timazula ubweya wa kumchira ndi mizu yomwe kuti akapime DNA, pasakhale kunamizira bambo. Kenako sikelo: pa masiku 200, pa 400 ndi pa 600. Manambala onsewa amapita ku BREEDPLAN, ndondomeko ya makompyuta yochokera ku Australia, imene imawerengera kuti ana a nkhunziyo akuyembekezeka kubadwa olemera bwanji ndi kukula mofulumira bwanji. Ogula amangoti ma EBV.

Pamwamba pa izi pali chikalata cha dokotala wa ziweto: umuna wapimidwa, machende ayezedwa ndi tepi, nkhunzi ilibe matenda opatsirana pokwera amene amachotsetsa mabere. Wopanda mapepala amenewa njira zinayi zonsezi zimuvuta mofanana. Amene ali nawo ndiye angayambe kusankha.

Chionetsero

Ndiyambe ndi chionetsero chifukwa ndi chimene chimakopa mtima, nanenso chinandikopa. Ulendo wanga woyamba ku Bloemfontein, kumene chionetsero chimachitika kumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi, ndinadzuka 4 koloko m'bandakucha kukasambitsa nkhunzi yotuwa ndi sopo, manja atauma ndi chisanu cha ku Free State. Tinaipukuta, tinaipesa linunda, tinapaka mafuta ziboda. Italowa m'bwalo inayenda ngati ikudziwa kuti anthu akuiona, ndipo woweruza ataiika pa nambala yachiwiri ndinamva misozi m'maso.

Koma tsiku limenelo linali mapeto a ntchito ya miyezi yoposa isanu ndi itatu. Ng'ombe ya chionetsero imayamba kuphunzitsidwa ikangoleka kuyamwa. Uimange chingwe cha kumutu, ikane, igwe pansi, mawa uyambirenso. Iphunzire kuyenda pambali pako osakukoka, kuima miyendo inayi itakhala bwino ukaikhudza ndi ndodo, kulola mlendo kuigwira paliponse. Ife tinkasiya wailesi ikulira m'khola usana wonse kuti zizolowere phokoso. Madzi a m'tauni amanunkha mankhwala ndipo ng'ombe ya kutchire imawakana mpaka kuphwa mimba, choncho masabata awiri tisananyamuke tinkathira molasesi pang'ono m'madzi a kunyumba, kukafika uko n'kuthiranso yemweyo kuti fungo lifanane. Onjezanipo lole yopita ndi yobwerera, ndalama yolembetsera, zakudya za ng'ombe, antchito awiri kapena atatu ogona m'khola sabata yathunthu pamene ntchito ya pafamu yaima.

Pobwezera zonsezi chionetsero chimakupatsa dzina, ndipo chimakutsegula maso. Ng'ombe yako pakhomo imaoneka mfumu chifukwa palibe yoiyerekeza nayo. Ikaima pamzere ndi zinzake khumi za msinkhu umodzi, m'pamene umaona kuti miyendo yakumbuyo njoongoka mopitirira, kapena kuti msana ukugwa kuseri kwa linunda. Woweruza wabwino amatenga maikolofoni n'kufotokoza chifukwa chake iyi yapambana iyo, ndipo mphindi zisanu zimenezo zimaphunzitsa kuposa chaka cha kumva za m'maluwa. Ogula akuluakulu nawonso amayendayenda m'makola, amafunsa, amatenga nambala ya foni. Kawirikawiri sagula pomwepo. Amadzakumbukira dzina la famu patapita miyezi.

Choipa chake chili m'chodyera. Kuti ng'ombe ioneke yodzadza m'bwalo imadyetsedwa chimanga ndi zakudya zogula mopitirira muyeso, ndipo mafuta amabisa zilema. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mafuta akaunjikana pamwamba pa machende, malowo amatentha ndipo umuna umafooka. Ziboda zimatalika, nkhunzi imayenda monyang'ama. Ina imene ndinailera ndekha inatenga riboni, inagulidwa pa mtengo wabwino ndi bambo wina wa ng'ombe zambiri kutchire louma. Patatha miyezi itatu anatitumizira chithunzi: nthiti zonse pamtunda, itaima pamthunzi pamene zazikazi zili kutali kumsipu. Tinamupatsa ina m'malo mwake, koma bamboyo sanabwerenso kudzagula kwa ife. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa ndowa ya zakudya ndinkainyamula ndine.

Pali alimi amene anakana mpikisano wa m'bwalo kotheratu, ndipo nkhani yawo njofunika kuimva. Ng'ombe za Bonsmara zinapangidwa ndi Pulofesa Jan Bonsma kuyambira mu 1937 pa malo a kafukufuku a Mara ndi Messina, kuno ku Limpopo komwe, posakaniza Afrikaner magawo asanu mwa asanu ndi atatu, otsalawo Hereford ndi Shorthorn. Dzinalo ndi la Bonsma ndi Mara. Bungwe la mtunduwu salola ng'ombe zake kupikisana pa zionetsero. Iliyonse iyenera kupimidwa pa sikelo, kenako oyendera a bungwe amabwera pafamu kudzaiona, yolephera imachotsedwa. Popanda chikho ngakhale chimodzi, Bonsmara lero ndi umodzi mwa mitundu yochuluka kwambiri ya ng'ombe zanyama m'dziko muno. Ku Nampo, chionetsero chachikulu cha mu Meyi pafupi ndi Bothaville, mitundu yosiyanasiyana imaima m'makola ake anthu n'kumaona ndi kufunsa, ndipo kwa wogulitsa kucheza kumeneko kumapindula ngati riboni.

Ndiye kwa munthu wa ng'ombe 18, ine ndimati chionetsero apite, koma chaka choyamba asiye ng'ombe kunyumba. Cha ku Harare chimachitika mu Ogasiti ku Exhibition Park, cha ku Lusaka kumayambiriro kwa mwezi womwewo. Akakhale pafupi ndi bwalo ndi kabuku, akapemphe kuthandiza mlimi wamkulu kusambitsa ndi kugwira chingwe. Ndalama ya lole aisunge.

Okushoni, ndipo si imodzi

Amene anagulitsapo fodya ku Kanengo kapena ku Limbe mawu akuti okushoni amawadziwa, ndi mtima umene umagunda pamenepo amaudziwanso. Pa ng'ombe pali mitundu itatu, ndipo kuisokoneza kumaluzitsa.

Woyamba ndi msika wa sabata ndi sabata, kumene mabutchala ndi eni makola onenepetsera amagula pa kilogalamu. Kumeneko mapepala ako palibe amene awawerenge. Nkhunzi ya mbewu ipiteko pokhapokha walephera nayo ndipo ukuigulitsa ngati nyama.

Wachiwiri ndi okushoni ya famu imodzi, imene mlimi wamkulu amachititsa pakhomo pake chaka ndi chaka. Amaitana kampani yogulitsa monga Vleissentraal kapena BKB, amasindikiza kabuku, amamanga tenti, amaotcha nyama. Ubwino wake ngwakuti ogula onse abwerera ng'ombe zako zokha. Koma kuti munthu ayende makilomita mazana, payenera kukhala nkhunzi makumi angapo zosankhapo ndi misoti ya bere pambali. Wa nkhunzi zinayi asaganizeko n'komwe.

Wachitatu ndi umene umakhudza alimi aang'ono: okushoni ya kalabu kapena ya bungwe la mtundu, kumene alimi ambiri amasonkhanitsa ng'ombe zawo tsiku limodzi. Ku Zimbabwe waukulu ndi National Breed Sale, umene Zimbabwe Herd Book imachititsa chaka chilichonse nyengo yozizira ku Mt Hampden, kunja kwa Harare, ndipo Tuli, Brahman, Boran ndi mitundu ina imagulitsidwa tsiku lomwelo. Mutu umodzi susenza denga: mtengo wolengezetsa mumagawana, ndipo ogula amene abwerera dzina la mlimi wotchuka amadutsanso pakhola lako. Kulembetsa kumachitika nthawi ikadalipo chifukwa kabuku kayenera kufika kwa ogula msanga. Ng'ombe zimayenderedwa zisanalowe, ndipo yokanidwa imabwerera pa lole yomweyo, ndalama ya mafuta itapita kale.

Tsikulo ogula amafika m'mawa, kabuku m'manja, cholembera kukhutu. Amazungulira makola, amaitulutsa nkhunzi kuti aione ikuyenda, amawerama kuyang'ana pansi pa mimba. Pofika 11 koloko ambiri asankha kale, alemba mtengo umene sadzapitirira. M'bwalo muli utuchi, wogulitsa ali pamwamba ndi nyundo akulankhula mothamanga, anyamata ake akukuwa akaona dzanja kapena chipewa chagwedezeka. Ntchito ya zaka ziwiri imatha m'mphindi ziwiri. Pakapezeka anthu awiri ofuna nkhunzi imodzi, mtengo umakwera kufika pamene pakhomo sukadayerekeza kutchula. Uwu ndiye ubwino weniweni wa okushoni, ndipo palibe njira ina imene ili nawo. Ndalama nayonso imadzera ku kampani, sulimbana ndi wogula.

Koma pakapezeka mmodzi yekha, kapena palibe, bwalo limangoti zii, ndipo anthu onse aona kuti ng'ombe yako yasowa woifuna. Chaka cha chilala zimachitika kwa aliyense, chifukwa mlimi amene akuchepetsa ng'ombe sagula nkhunzi. Malo ako m'kabuku nawonso ali ndi mphamvu: ukakhala kumapeto, matumba a anthu apepuka ndipo ena ayamba kukweza zawo m'malole. Uyenera kuuza wogulitsa mtengo wotsikitsitsa umene ungalole, ndipo uuwerengere usanachoke pakhomo: mtengo wa nyama yake, kuonjezapo dokotala, kaundula, zakudya, lole ndi gawo la kampani limene amadula pa mtengo. Ukautchula mtima uli m'mwamba pakati pa phokoso, ulakwitsa.

Mitengo ya m'nyuzipepala isakupusitseni. Mu 2017 nkhunzi ya Ankole ya a Cyril Ramaphosa inagulidwa pa R640 000, ndipo kwa milungu ingapo aliyense pafamu ankangokamba za nyanga zazitali. Mitengo yotere imaperekedwa ndi alimi a mbewu okhaokha pogulana magazi osowa. Wogula wa tsiku ndi tsiku ndi mlimi wa ng'ombe zanyama amene akufuna nkhunzi yokwera zazikazi 25 pa nyengo, ndipo amawerengera mtengo wake poyerekeza ndi mathole angati amene angagulitse kuti aibweze. Pofufuza okushoni yoti mulowe, funsani zinthu ziwiri za chaka chatha: mtengo wapakatikati, ndi kuti mwa nkhunzi zimene zinabwera zinagulidwa zingati.

Pa foni ndi pa intaneti

Njira iyi inakula chifukwa cha matenda. Mu Januwale 2019 South Africa inataya mbiri yake yokhala dziko lopanda matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atabuka ku Limpopo. Kumapeto kwa chaka chomwecho anabukanso, ndipo ofufuza anapeza kuti anafalikira kudzera pa okushoni ina ya m'chigawo chathu. Nduna ya zaulimi ya nthawi imeneyo, mayi Thoko Didiza, inaletsa misika yonse ya ziweto mu Disembala, n'kudzatsegula mu Febuluwale 2020, kenako Covid inatseka anthu m'nyumba. Mu Ogasiti 2022 boma linaletsanso kuyendetsa ng'ombe m'dziko lonse kwa masiku 21, pakatikati pa nyengo yogulitsa nkhunzi. Ife tinali ndi nkhunzi zokonzeka kale, zikungodya.

Apa m'pamene makampani monga SwiftVEE anatchuka. Ng'ombe imajambulidwa vidiyo ili kwawo, mapepala ake amaikidwa pa intaneti, ogula amapikisana pa foni. Siikwera lole mpaka itagulidwa, siikumana ndi ng'ombe zachilendo, ndipo ikapanda kugulidwa sunataye zambiri. Masiku ano okushoni zambiri zimaphatikiza: bwalo lilipo, kamera iliponso.

Chovuta n'chakuti vidiyo siionetsa mtima wa ng'ombe. Nkhunzi yaukali ikhoza kuoneka yofatsa kwa masekondi 40, ndipo ziboda zimabisika mu udzu. N'chifukwa chake pa intaneti anthu amagula molimba mtima kwa mlimi amene akumudziwa kale, watsopano amangomudutsa. Za pa Facebook ndi WhatsApp ndingoti chenjerani mbali zonse ziwiri. Alipo amene amaba zithunzi za ng'ombe za eni n'kumalandira madipoziti, aliponso ogula otumiza chithunzi chabodza cha risiti ya kubanki lole ili kale pageti. Ng'ombe isakwere ndalama isanaoneke mu akaunti.

Pakhola

Iyi ndi njira yopanda tenti, yopanda nyundo, ndipo ndi imene ndimaikhulupirira kwambiri kwa mlimi wamng'ono. Pafamu pathu nkhunzi zambiri zimachoka motere: munthu amabwera ndi galimoto yake Loweruka m'mawa, timakwera naye kupita kutchire, amaona nkhunzi ikudya udzu umene ng'ombe zake zimadya. Kenako timamuonetsa mayi wake, bere lake la mkaka, thole limene akuyamwitsa chaka chino, ndi buku losonyeza kuti wakhala akubereka chaka ndi chaka osadumphitsa. Ku chionetsero ndi pa okushoni mayiyo sapezekako, chonsecho theka la nkhunzi ndi iyeyo.

Pali chinanso chimene ogula a patali amachiphunzira mochedwa. Nkhupakupa za dera lina si za dera lina. Kuno kutchire lotentha kuli matenda a heartwater, ofalitsidwa ndi nkhupakupa, ndipo nkhunzi yokulira kumapiri ozizira kumene kulibe ikhoza kufa mwezi usanathe itafika. Ku Zimbabwe matenda a January disease, nawonso a nkhupakupa, apha ng'ombe zambirimbiri kuyambira cha mu 2017. Nkhunzi yobadwira makilomita 30 kuchokera kwa wogula inazolowera kale dzuwa, udzu ndi zambiri mwa zovuta za dera limenelo, ngakhale dibi siisiyidwa. Kwa Tuli imeneyi ndiye mphamvu yake yeniyeni: katswiri wa zaulimi Len Harvey anaisankha m'zaka za m'ma 1940 kuchokera ku ng'ombe za anthu akuda za kumwera kwa Zimbabwe, dera la Gwanda, chifukwa zinkabereka ndi kunenepa pamene zochokera kunja zinkafooka. Mtundu wotere umadzigulitsa bwino uli pa udzu wouma kusiyana ndi uli pa utuchi.

Mavuto ake ndi a pakati pa anthu. Palibe wopikisana naye, choncho wogula amanenerera mpaka dzuwa kupendeka. Woyamba kufika amatenga yabwino koposa, omaliza amapeza zotsala n'kumakayikira. Ndiye pali ngongole, makamaka kwa achibale ndi a kutchalitchi: "Ndipatseni ikakwere, ndikagulitsa chimanga ndidzamaliza." Mankhwala ake ndi kulemba mitengo papepala wogula asanabwere, nkhunzi iliyonse ndi wake, kutsatira mtengo wapakatikati wa okushoni yapafupi kuchotsapo ndalama zimene wapulumutsa pa lole ndi kampani. Mulemberanenso chimene chidzachitike nkhunzi ikalephera kubereketsa. Ndipo zikalata za boma zisadumphidwe. Ku Zimbabwe pamafunika chilolezo cha a zaziweto ndi kalata ya apolisi ng'ombe isanachoke pamalo.

Nthawi yogulitsa ndi imodzi pa njira zonsezi. Kumene mvula imagwa dzinja, ambiri amalowetsa nkhunzi kwa zazikazi cha mu Novembala ndi Disembala. Umuna umatenga masiku pafupifupi 60 kuti upangike, ndipo ulendo, kutentha thupi kapena kusintha zakudya zimausokoneza, choncho nkhunzi iyenera kufika kwa mwini watsopano miyezi iwiri kapena itatu ntchito isanayambe. N'chifukwa chake misika ya nkhunzi imaunjikana kuyambira Julayi mpaka Seputembala. Wogulitsa mu Januwale amapeza anthu onse ali nazo kale.

Nditamuimbiranso mlamu wanga ndinati: "Alamu, itanani dokotala apime zonse zinayi. Yofooka pa manambala kapena pa umuna muifule, ipite ku nyama, ngakhale ikhale yokongola bwanji, chifukwa nkhunzi zoyamba kuchoka pakhola panu ndi zimene anthu adzakudziweni nazo. Ziwiri mugulitse pakhomo kwa anansi amene mungathe kumakawayendera. Yabwino koposa muisunge pa udzu ndi chakudya chapang'ono, mulankhule ndi a bungwe la Tuli adzaione, ndipo akaivomera ikalowe National Breed Sale chaka chamawa ili ndi zaka zitatu. Ku Harare mu Ogasiti mupite ndi kabuku."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati ya kufulayo ikumuvuta mumtima, chifukwa imene akuiganizira ndi ija amaikonda ana ake, yofiira yopanda nyanga imene imadya m'manja. Ndinamuuza kuti adikire tepi ndi makina a dokotala zinene kaye. Dokotalayo akubwera Lachinayi, ndipo mnansi wina wa ng'ombe 40 wapempha kale kuti adzakhalepo poyeza.